Mankhwala a Alhaji Twaha

Alhaji Twaha anafika pakhomo pa Shehe Silaji dzuwa litapendeka, anthu atangobalalika kuchokera kumzikiti ku mapemphero a swala ya Asri. Galimoto anaisiya kumsewu waukulu wa ku Ntaja, poti kanjira kolowera kwa Shehe n'kopapatiza, ndipo mtunda wotsalawo anauyenda wapansi atapinda mkanjo wawo woyera kuti usade ndi fumbi. Anali munthu wa malole oyenda pakati pa Limbe ndi Joni. Ku Makka anali atapitako kawiri, ndipo malata a mzikiti wa m'mudzimo anagula ndi iwo. Anthu oterewa, tinene zoona, sapita kwa Shehe kukafunsa. Amapita yankho lili kale m'thumba, akungofuna wina woti alivomereze.

Anawapeza Shehe atakhala pa kampando pansi pa mtengo wa mango, akumata chubu cha njinga. Anali nkhalamba yowonda, ya kofia yosuluka, imene inaphunzitsa Kurani ana a m'mudzimo, kenako ana a anawo, popanda munthu kuimvapo ikukweza mawu. Ataona mlendo anapukuta manja, n'kumupatsa kampandoko, iwo n'kukhala pa muzu wa mtengo.

"Asalamu alaikumu, Shehe."

"Wa alaikumu salamu, Alhaji. Mwayenda bwanji? Pepaninso ndi zovuta zija."

"Alhamdulillah, tayenda bwino. Zovutazo ndi zimene zandibweretsa."

Zovutazo zinali izi. Mlongo wawo wamkulu wa Alhaji, Abiti Selemani, anali atamwalira masabata asanu apitawo, atadwala BP kwa zaka zambiri. Sadaka ya arubaini, ya tsiku la makumi anayi, inali Loweruka likudzalo. Tsiku la maliro, amuna atangobwerako kumanda, mwana wamkazi wa malemuwo, dzina lake Sakina, anatuluka m'nyumba atanyamula jumbo yodzaza timabokosi ta mapiritsi. Anagwada bwinobwino monga mwana woleredwa, n'kuika jumboyo pamapazi pa amalume ake anthu onse akuona. Anangoti, "Amalume, mankhwala anu otsala ndi awa. Amayi sawafunanso." Sanawonjezerepo liwu lina. Koma pamudzi mawu ochepa chonchi amakwanira, ndipo pofika mawa lake nkhani inali ili kuchigayo ndi kumjigo, yoti Abiti Selemani anafa ndi mankhwala a mchimwene wawo.

Alhaji ndiwo anali mwini mbumba. Alongo awo ndi ana a alongo awo amayang'ana kwa iwo pa ukwati, pa matenda ndi pa maliro, ndipo akanena mawu pabanja palibe amene amawabweza. Choncho jumbo ija inawawawa kuposa mmene likanawawira khofi la patsaya. Masabata asanu onsewo sanagone tulo tabwino, koma kwa iwo vuto linali mwano wa mwana, osati china chilichonse.

"Shehe, sindinabwere ndi zambiri," anatero Alhaji. "Inu ndi amene mudzatsogolere mapemphero a dua Loweruka. Ndikupempha zinthu ziwiri. Muitane mwana uja mumulangize, adzapepese pamaso pa anthu omwe aja anandiyalutsira. Ndipo mukadzaima kuti mulankhule, mudzawakumbutse anthu kuti imfa imachokera kwa Allah, pa tsiku lake. Zikapanda kutero, phazi langa silidzaponda pa sadakapo. Mpunga ndi mbuzi nditumiza, koma ine ayi."

Onse awiri ankadziwa tanthauzo la mawu amenewa. Arubaini yopanda mwini mbumba ndi chilengezo choti banja lang'ambika, ndipo ming'alu yoyambira pamaliro kawirikawiri siimatika. Shehe anaika chubu chija pambali.

"Ndamva, Alhaji. Koma nkhani ya mankhwalayi ine ndangoimvera kumjigo, ndipo za kumjigo sindiweruzira mlandu. Ndiuzeni inu eni ake."

Alhaji anakhala bwino pa kampandoko. Nkhani imeneyi anali ataifotokozera anthu ambiri ku Limbe, ndipo onse anawavomereza.

"Chaka chatha, mwezi wa Okutobala, ndinabwera kuno Lachiwiri lina mosayembekezeka. Kunyumba ndinapeza kuli zii, n'kumva kuti achemwali apita kuchipatala. Ndinawatsatira. Shehe, zimene ndinaona kumeneko mpaka lero zimandiwawa. Mzere kuchokera pakhonde mpaka pamtengo wa kesha. Achemwali anga, munthu wamkulu, ali pa benchi dzuwa likuwawomba pamutu, kabuku kawo ka kuchipatala atakakulunga m'pepala la shuga. Ndinaima kaye chapatali. Ndinaona ndi maso angawa, nthawi yawo yolowa itakwana, bambo wina n'kuwadumpha. Posakhalitsa mayi wina wa mwana kumbuyo n'kuwadumphanso. Iwo ali duu, osadandaula, poti ndi mmene analili achemwali. Mutu wanga unatentha. Ndinawagwira dzanja n'kukawakweza m'galimoto. Ndinati, mlongo wa Twaha sadzakhalanso pa benchi imeneyi ine ndili moyo."

"Iwo anati chiyani?"

"Anati, 'Achimwene, ndatsala pang'ono kulowa.' Ine n'kuti, 'Mwatsala pang'ono chiyambire m'mamawa.' BP yawo ndi yanga ndi imodzi, ya kumtundu. Ndiye ndinayamba kuwagulira mapiritsi omwe ndimamwa ine, a ku famase ya m'tauni, osati timapiritsi taulere iti. Mwezi ndi mwezi dalaivala amawatula pakhomo. Sindinaphonyepo ngakhale mwezi umodzi. Ndiye lero ndasanduka mfiti?"

Shehe anangoti, "Mundikhululukire umbuli, Alhaji, ine za m'tauni sindizidziwa. Ndimamva kuti inu muli ndi dokotala wanuwanu. Zimenezi zimayenda bwanji?"

Apa nkhope ya Alhaji inamasuka. Munthu wolemera mufunseni za dokotala wake, mudzakhala pansi mpaka miyendo kuchita dzanzi.

"Chaka chino n'cha khumi ndi chimodzi ndikupita kwa munthu mmodzi yemweyo. Ndikalowa sindiyamba kufotokoza kuti ndine ndani. Amadziwa kuti bambo athu anafa ndi shuga. Amadziwa kuti Ramadhani ikafika ndisala, afune asafune, ndiye amandisinthira nthawi yomwera mankhwala. Miyezi itatu iliyonse amanditenga magazi. Mapiritsi ndikumwa panowa ndi amtundu wachitatu. Oyamba ankanditsokomoletsa, achiwiri anati sakugwirizana ndi impso zanga. Akangondiona mayendedwe pakhomo amati, 'Alhaji, mwayambiranso nyama yamafuta.'"

"Mashallah. Ndiye chimene mumalipira kumeneko ndi mapiritsiwo?"

Alhaji anaseka pang'ono. "Ayi, Shehe. Mapiritsi ali paliponse, ngakhale pamsika mungawapeze. Chimene munthu amalipira ndi kukhala ndi wina wolidziwa thupi lake."

"Ndipo dokotala wanuyo thupi la Abiti Selemani ankalidziwa?"

"Sanawaonepo."

"Munamuuza kuti mapiritsi amene anasankhira inu akumwanso munthu wina?"

Alhaji anakonza kofia yawo ngakhale inali bwinobwino pamutu. "Sindinaone chifukwa chake. Koma Shehe, musayerekeze zinthu zosiyana. Kuchipatala kwanu kuno kuli munthu wodziwa thupi la mnzake? Lero upeza uyu, mwezi wamawa wina. Usanamalize kufotokoza iye walemba kale, osakuyang'ana ndi kumaso komwe. Ine sindinawachotse achemwali kwa dokotala. Ndinawachotsa padzuwa."

"Zambiri mwanenazo n'zoona," anatero Shehe mofatsa. "Ndikudziwa chifukwa nanenso ndimakhala pa benchi yomweyo. Ndili ndi shuga chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano, ndipo njinga mukuionayi ntchito yake yaikulu ndi imeneyo. Anthu a kuchipatala kuja si oipa. Munthu mmodzi akaona odwala mazana awiri dzuwa lisanalowe, nkhope zonse zimasanduka imodzi. Inu mukapita kwa dokotala wanu mumapitiriza nkhani pamene munalekezera. Ife timaiyamba pachiyambi ulendo uliwonse, ndipo tikafika pakati nthawi yatha. Koma amphawife tili ndi kanjira kathu, Alhaji. Ngati simukufulumira, ndikuuzeni."

"Ndikumva."

"Kuchipatala kuja kuli zitseko ziwiri zoonera odwala, koma mzere ndi umodzi. Amene ali patsogolo amalowa chitseko chimene chatseguka. Lachiwiri lililonse, chitseko chachiwiri mumakhala adokotala aakazi, Mayi Chapotera. Si Msilamu, koma Allah anawapatsa khutu. Ndiye munthu ukafuna kuti mwezi uno akuone yemwe anakuona mwezi watha, umapita Lachiwiri. Ukafika kutsogolo kwa mzere n'kutseguka chitseko choyamba, umauza wa pambuyo pako kuti, 'Pitani inu.' Chikatsegukanso choyamba chomwecho, umauzanso wina. Tsiku lina umadutsitsa anthu awiri, tsiku lina asanu ndi mmodzi. Umadikira mpaka chitseguke chako."



"Nzeru imeneyi si yanga," anapitiriza Shehe. "Anandiphunzitsa ndi mlongo wanu. Anaichita zaka zitatu osaphonya. Ankanyamuka akangoswali m'mamawa, n'kukabwera dzuwa litapendeka. Mayi Chapotera anafika powaitana ndi dzina asanatsegule kabuku. Anawasinthira mapiritsi kawiri. Ndinamvapo Abiti Selemani akunena kuti adokotala awo awauza kuti impso zawo n'zofooka, asamamwe chilichonse chimene wawapatsa munthu, ndipo mapazi akadzayamba kutupa adzapite msanga ngakhale lisakhale Lachiwiri. Ankanena choncho, 'adokotala anga,' monga mmene mumanenera inu. Anthu aja munawaona tsiku lija sankawadumpha, Alhaji. Ankauzidwa kuti adutse."

Pamenepo m'maso mwa Alhaji munabwerera zonse za tsiku lija, koma zitatembenuka. Anakumbukira kuti bambo uja podutsa anawerama n'kuwomba m'manja pang'ono. Nthawi imene ija iwo anati n'chipongwe. Anakumbukiranso kuti mlongo wawo, akukokedwa dzanja kupita ku galimoto, anacheuka kawiri kuyang'ana pakhonde, ndipo ulendo wonse wobwerera kunyumba anangofumbata kabuku kaja pamiyendo osalankhula. Iwo ankayendetsa galimoto mtima uli mbee, akuganiza kuti munthuyo wasowa mawu othokozera. N'zomvetsa chisoni kuti munthu angathe kukumbukira tsiku limodzi kwa miyezi yambiri monyadira, osadziwa kuti ndi tsiku limene analakwitsa kwambiri pamoyo wake.

Komabe kunyada sikufa ndi nkhonya imodzi. Alhaji anati, "Nanga bwanji sanandiuze? Pakamwa anali napo. Ndipo ine ndinali ku Limbe, sindinawamange miyendo. Akanatha kubwererako."

"Munawafunsa?"

"Sindinawafunse."

"Inu ndinu mwini mbumba. Munalumbira pagulu, pakhonde la chipatala, anthu a midzi isanu akumva. Patapita miyezi iwiri Mayi Chapotera anandifunsa kuti, 'Shehe, amayi aja mumabwera nawo ali kuti?' Mwezi wotsatira anandifunsanso, n'kundituma kuti ndikawauze abwere angowayeza. Ndinapita. Ndinawapeza atakhala pakhonde, mapazi atatupa moti patapata sankalowa. Sakina anali akuwathowa ndi madzi ofunda, akulira kuti amayi akukana kupita kuchipatala. Nditapereka uthenga, mukudziwa chimene anandiyankha?"

Alhaji anapukusa mutu.

"Anati, 'Shehe, ndikakaonekanso pa benchi paja anthu adzati mankhwala a Alhaji ndi achabe, kapena adzati Alhaji wasiya kusamala mlongo wake. Mwana uja anavutika kuti apange dzina. Ndisamuchotsere ulemu chifukwa cha mapazi.' Ankakutchulani choncho, mwana uja."

Abiti Selemani ndi amene anabereka Twaha kumbuyo mayi awo ali kumunda. Ndi amene anagulitsa nandolo wa chaka chonse kuti Twaha apeze yokwerera ulendo wake woyamba wa ku Joni. Alhaji anali asanalirepo chimwalirire mlongo wawo, ngakhale kumanda, chifukwa anali otanganidwa ndi kuyendetsa mwambo. Tsopano misozi inangoyamba yokha, n'kumatsikira m'ndevu. Sanaipukute, ndipo Shehe anayang'ana kumbali kuti awapatse mpata.

Patapita nthawi Shehe anati, "Musaganize kuti ndikulankhula ngati munthu woyera m'manja. Nambala yanu ya foni ndinali nayo. Tsiku limene ndinaona mapazi aja ndinayenera kukuimbirani, n'kukuuzani zonse ndakuuzani lerozi. Foni ndinaitulutsa m'thumba kangapo konse. Koma ndikayang'ana malata a mzikiti ndinkati, munthu wotifolera nyumba ya Allah ndikamuuze kuti walakwitsa? Ndinadziuza kuti ndi nkhani ya pabanja. Sichinali chifukwa chenicheni chimenecho. Ndinachita mantha, Alhaji, ndipo mantha amenewo ndikayankha nawo pamaso pa Allah."

Alhaji anawayang'ana Shehe ngati akuwaona koyamba. Pakhomopo anabwera atakonzeka kukangana ndi munthu wowaimba mlandu, ndipo mayankho anali nawo okwanira. Munthu wodziimba mlandu yekha sanamukonzekere. Mawu awo atatuluka anali aang'ono, osakhala a mwini malole.

"Shehe, ndiuzeni mosabisa. Ndinawapha ndine achemwali?"

"Ine si dokotala, ndipo sindidziwa chimene mapiritsi aja anachita m'thupi mwawo. Mwina anawapweteka, mwina ayi. Tsiku la munthu lili m'manja mwa Allah, ndipo inu ndi malole anu onse simukanalisuntha. Zimenezo ndidzanena Loweruka monga mwapempha, chifukwa n'zoona, ndipo ndimazinena pa sadaka iliyonse. Katundu ameneyo musamusenze, si wanu."

"Nanga wanga ndi uti?"

"Wanu ndi miyezi isanu ndi iwiri ija. Mlongo wanu anali mmphawi, koma anali atapeza chinthu chimene kuno amakhala nacho ndi anthu a ndalama okha. Inu munachigula ndi chuma, iwo anachigula ndi kukhala padzuwa. Mukanafuna, chuma chanucho chikanawawonjezera: galimoto yowatula Lachiwiri, kapena ulendo umodzi wokha woti dokotala wanu awaone. Koma munawapatsa chimene mwanena nokha kuti chili paliponse, n'kuwalanda chimene chimasowa. Anadwala mpaka kufa popanda wowayang'ana mapazi kupatula mwana wawo."

Poti chizolowezi n'chovuta, Alhaji anayesanso kamodzi, koma mopanda mphamvu.

"Komabe mwana uja, Shehe. Pagulu. Ine malume wake. Anthu adzandiona bwanji Loweruka ngati sapepesa?"

Shehe anadzuka pa muzu paja pang'onopang'ono, atagwira bondo, n'kukutumula fumbi kumkanjo wawo.

"Sakina sindimuitana, Alhaji. Mwana amene anathowa mapazi a mayi ake miyezi yonse ija, akuletsedwa kuwatengera kuchipatala chifukwa cha dzina lanu ndi mantha anga, si woti agwadire munthu. Ogwada ndife. Nyamukani tipite kwawo kusanade. Ndiyamba ndine kupepesa, inu muli pomwepo, kuti muone kuti munthu safa nako."